Kuphunzira ski utakula kale: zimene ndinatola pa kalabu ya m'dera lathu ku Oslo

Ndinabadwira ku Dedza, kumene timati kuzizira timakudziwa. June akafika madzi a mu ndowa amaluma zala, ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Koma nditabwera ku Oslo kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinapeza kuti chimene chimafoola munthu kuno si kuzizira kokha ayi. Ndi mdima. Mu December dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa, ndipo 3 koloko masana ikangopitirira pang'ono lalowa. Zaka ziwiri zoyambirira moyo wanga unali kuntchito ndi kunyumba basi, kuyambira November mpaka March. Thupi linalemera, tulo tinasokonekera, mtima unkangokhala kumudzi.

Ndikulembera inu abale anga amene muli kuno, kaya ku Oslo, ku Ås, ku Trondheim kapena ku Tromsø, ndi ena amene muli m'mayiko a sinowo ngati Sweden ndi Canada. Ndinayamba ski, masewera otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa titalitali kumapazi, ndili ndi zaka 43. Langizo langa lalikulu ndi ili: musadziphunzitse nokha, ndipo musayambe ndi mnzanu wodziwa kale. Lembetsani maphunziro a akuluakulu pa kalabu ya zamasewera ya m'dera lanu.

Chifukwa chake ndifotokoze. Ulendo wanga woyamba ndinapita ndi mnzanga wakuntchito, mayi wamtima wabwino kwambiri. Iye anavala ski ali ndi zaka zitatu, ndiye sakumbukiranso mmene anaphunzirira. Kwa iye kuyenda pa ski kuli ngati mmene ife timasenzera ndowa pamutu: ukafunsidwa kuti umatani kuti isagwe, sudziwa poyambira. Ankangondiuza kuti "ingoyendani", ndipo tinalowa m'nkhalango mtunda wautali. Ndinagwa kosawerengeka, zovala zinanyowa, ndinabwerera ndikunjenjemera, ndipo chaka chonsecho sindinafunenso kumva za ski. Sanalakwe dala. Kudziwa chinthu n'kwina, kuchiphunzitsa kwa munthu wamkulu wamantha n'kwinanso.

Ski imene ndikunena pano si ija yokwera phiri pa chingwe n'kutsika mwaliwiro. Iyi kuno amaitcha langrenn, yoyenda mtunda m'nkhalango, pokwera ndi potsika, ndi mphamvu zako. Ili mitundu iwiri. Wina ndi klassisk, pomwe ma-ski amayenda moongoka m'tingalande tiwiri tomwe makina amakumba m'sinowo. Wina ndi skøyting, pomwe umakankhira miyendo m'mbali. Yambani ndi klassisk. Enawo adikire.

Kupeza kalabu

Pafupifupi dera lililonse ku Norway lili ndi idrettslag, kalabu ya zamasewera yoyendetsedwa ndi anthu a m'deralo, ambiri mwa iwo ongodzipereka. Anthu obwera timaganiza kuti makalabuwa ndi a ana okha, poti tikadutsa timaona tiana tili ndi manambala pachifuwa. Koma ambiri amakhalanso ndi gulu la akuluakulu, ndipo ena amatsegula maphunziro a oyamba kumene sinowo akakhazikika, makamaka mu January. Mawu oti mufufuze pa intaneti ndi skikurs for voksne, kutanthauza maphunziro a ski a akuluakulu, ndi nybegynner, kutanthauza woyamba kumene. Onjezerani dzina la dera lanu. Yang'ananinso pa tsamba la Facebook la kalabuyo ndi pa bolodi la ku laibulale. Ine ndinaona chikalata chomatidwa pakhomo la sitolo ya zakudya kwathu ku Groruddalen.

Ku Oslo kulinso Skiforeningen, bungwe lakale lomwe linayamba mu 1883, limene limakonza njira zambiri za ski m'nkhalango zozungulira mzinda ndipo limaphunzitsanso akuluakulu. DNT, bungwe la oyenda m'mapiri, nalo limakonza maulendo a oyamba kumene. Onsewa ndi abwino. Komabe ine ndimalimbikitsa kalabu ya pafupi, chifukwa anthu amene mudzagwe nawo limodzi Lachiwiri madzulo ndi omwewo mudzakumane nawo m'basi Lachitatu m'mawa. Kuno moni wa panjira ndi wosowa, koma munthu amene munadzutsana naye m'sinowo sakudutsani osayankhula.

Musanalipire, lembani uthenga wachidule kwa wotsogolera. Nenani mosabisa kuti simunavalepo ski chibadwire. Izi n'zofunika, chifukwa kuno munthu amatha kudzitcha woyamba kumene pomwe anangosiya ski zaka khumi zapitazo. Funsani ngati pali gulu la anthu osadziwiratu, ngati amabwereketsa zipangizo, ndiponso ngati mphunzitsi angafotokoze m'Chingerezi pamene chiyankhulo cha kuno chakuvutani. Makalabu ambiri amaitanira anthu pa pulogalamu ya pafoni ya Spond ndipo ndalama amalandira pa Vipps, choncho ikani zimenezi pafoni panu. Ngati ndalama yavuta, nenani. Palibe manyazi pamenepo, ndipo makalabu ambiri amakhala ndi njira yothandizira.

Zipangizo: musathamangire kusitolo

Chaka choyamba bwerekani. Kuli malo otchedwa BUA m'madera ambiri a dziko lino, komwe amabwereketsa zipangizo zamasewera kwaulere, kawirikawiri kwa sabata imodzi, ngati mmene laibulale imabwereketsera mabuku. Cholinga chawo chachikulu ndi ana ndi achinyamata, koma m'malo ambiri amathandizanso akuluakulu. Pitani msanga, chifukwa sinowo akangogwa mashelefu amayera. Mukatsimikiza kuti mwaikonda, gulani zakale pa Finn.no, tsamba la pa intaneti logulitsirana zinthu, kapena pa msika wa zipangizo zakale umene makalabu amachititsa nyengo yozizira isanayambe.

Mufunika zinthu zitatu: ma-ski, nsapato zake, ndi ndodo ziwiri. Ski ikhale yotalika kukuposani ndi masentimita pafupifupi 20. Koma chofunika kuposa utali ndi kulemera kwanu, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa pogula zakale. Ski siyathyathyathya ayi, pakati pake ndi popindika ngati uta. Mukaima ndi miyendo yonse iwiri, pakatipo pamayenera kusakhudza pansi kuti mutsetsereke. Mukaponda ndi mwendo umodzi thupi lonse, pakatipo pamatsika n'kugwira sinowo kuti mukankhe. Ski ikakhala yolimba kuposa thupi lanu, muzingoterereka chobwerera m'mbuyo pokwera. Ikakhala yofewa kwambiri, izingokukokani ngati mukuyenda m'matope a dambo. Ndiye wobwereketsa akakufunsani makilogalamu anu, nenani zoona.

Pansi pa ski, pakati paja, pamafunika chinthu chogwira. Akatswiri amapaka phula lamitundumitundu malinga ndi nyengo: lobiriwira kukazizira koopsa, la buluu kukakhala madigiri angapo pansi pa ziro, lapepo pafupi ndi ziro, lofiira sinowo akayamba kunyowa. Palinso lomata ngati ulimbo lotchedwa klister, la pa sinowo wakale woundana kapena wosungunuka, lomwe likakhudza juzi kapena mpando wa galimoto mudzalikumbuka. Anthu a kuno amatha kukambirana za phula nthawi yonse ya tiyi. Inu zisiyeni kaye. Pemphani ma-ski osafuna phula. Ena ali ndi timamba ngati ta nsomba kunsi kwake, ena ali ndi kachikopa kaubweya komatidwa pakati, omwe amawatcha felleski. Ine ndimagwiritsa ntchito a kachikopawa mpaka lero, ndipo sindinadandaulepo. Munthu wochoka kuntchito 4 koloko alibe nthawi yoyeza sinowo ndi chala.

Ndodo zifike m'khwapa kapena kupitirira pang'ono, osadutsa phewa. Nsapato muyese mutavala sokosi yaubweya imene muzivala kunjako, ndipo zala zizitha kugwedera, chifukwa nsapato yothina imaziziritsa phazi kuposa yopyapyala. Onetsetsani kuti nsapato ikugwirizana ndi chomangira cha pa ski. Zambiri masiku ano ndi za mtundu wa NNN, koma pa msika wa zakale mupezanso mitundu ina yosalowana. Nsapato imamangidwa kutsogolo kokha, chidendene chimakhala chomasuka.

Zovala

Apa mverani bwino, chifukwa nzeru yathu ya kumudzi imatisocheretsa. Ife kukazizira timaunjika: majuzi awiri, chijasi, mpango. Tsiku loyamba la maphunziro ndinafika nditavala chijasi changa chachikulu chodikirira basi. Aphunzitsi athu, mayi wazaka za m'ma 60 amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anandiyang'ana n'kunena modekha kuti ndichisiye pa benchi. Anati ukamayamba uzimva kuzizira pang'ono, ukayamba wafunda ndiye kuti wavala zambiri. Patangotha mphindi khumi ndinamvetsa. Ski imagwiritsa ntchito thupi lonse ngati kulima, ndipo thukuta ndiye mdani. Likanyowetsa zovala, mukangoima limazizira pathupi.

Choncho valani zopyapyala zosanjikiza. Pakhungu pakhale chaubweya wa nkhosa, malaya ndi kabudula wamkati wofika m'mapazi. Thonje ayi, ngakhale pang'ono, chifukwa limamwa thukuta n'kulisunga. Jinzi isiyeni kunyumba. Pamwamba pake kajuzi kopepuka ngati kwazizira kwambiri, kenako jekete yopyapyala yotchinga mphepo. Chipewa chophimba makutu, kansalu ka pakhosi, ndi magolovesi. Ine zala zanga zimazizira msanga, ndiye ndimavala aja opanda zala, omwe zala zinayi zimakhala pamodzi n'kumafunditsana. Chijasi chija chiikeni m'chikwama, muchivale popuma ndi pobwerera.

Nkhope musadzole mafuta amadzimadzi mukamatuluka kunja kozizira kwambiri.  Chinanso chimene aphunzitsi ambiri sangakuuzeni poti sanazolowere khungu lathu: iwo amati khungu likayamba kuuma ndi chisanu limaoneka madontho oyera. Pa ife limatuwa, mbuu, ndipo pamalopo pamachita dzanzi. Mukaona zimenezi pa mphuno, khutu kapena tsaya la mnzanu, aikepo dzanja lofunda lopanda golovesi mpaka pabwerere. Osatikita, osapakapo sinowo.

Madzulo oyamba

Maphunziro athu anali a madzulo anayi, Lachiwiri lililonse kuyambira 6 koloko, ola limodzi ndi theka. Tinalipo khumi ndi awiri: a ku Pakistan, ku Poland, ku Eritrea, ku Philippines, ndi bambo mmodzi wa konkuno amene anakulira m'mphepete mwa nyanja kumwera komwe sinowo sakhalitsa. Tinkakumana pa bwalo lathyathyathya pafupi ndi njira yokhala ndi magetsi, imene kuno amaitcha lysløype. Njira zoterezi zimayaka mpaka usiku, ndipo ndizo zimachititsa kuti munthu wapantchito athe kutuluka mkati mwa sabata.

Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, muvale ma-ski mosathamanga. Ikani ski pamalo osatsetsereka, gogodani nsapato kuti sinowo achoke kunsi, lowetsani kachitsulo ka kutsogolo kwa nsapato m'chomangira mpaka mumve kuti tha. Pogwira ndodo, dzanja lilowe m'lamba kuchokera pansi, kenako litsikire pa chigwiriro, kuti lamba akhale pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mphamvu imadutsa m'lambayo, simufunika kufinya ndodo.

Chinthu choyamba chimene anatiphunzitsa chinali kugwa. Anatiuza tonse tigwe dala. Ukaona kuti zavuta, pinda mawondo n'kukhala pansi cham'mbali, thako ligunde sinowo. Osagwera kutsogolo utatambasula manja, chifukwa mkono ndi chala chachikulu ndizo zimavulala. Podzuka, sonkhanitsani ma-ski onse awiri ayang'ane kumodzi, ndipo ngati muli potsetsereka akhale chopingasa phiri, kumunsi kwanu. Kenako kwawirani kutsogolo mpaka mugwade pamwamba pa ma-ski, manja pansi, dzutsani bondo limodzi, kenako linalo. Osayesa kudzikoka ndi ndodo muli chagada, mungothyola ndodo kapena kutopa pachabe. Tinabwereza kasanu. Mantha anga ambiri anathera pomwepo, chifukwa ndinadziwa kuti pansi si pamapeto.

Kenako anatilanda ndodo. Ndinadandaula mumtima, poti ndinkaziona ngati zondichirikiza. Koma apa ndi pagona nkhani yonse ya ski, ndipo ngati mungaiwale zina zonse musaiwale ichi: ski ndi kuima mwendo umodzi. Woyamba kumene amakwekwesa mapazi onse awiri pansi, thupi lili pakati, ngati munthu woyenda m'chipinda chamdima atavala masilipasi. Akhoza kuyenda choncho zaka khumi osapita patsogolo. Choyenera ndi kupereka thupi lonse ku mwendo umodzi, kuupondereza pansi mwachangu kuti pakati pa ski pagwire, kenako kusamutsira thupi lonse ku mwendo winawo n'kuulola utsetsereke. Mphuno, bondo ndi chala chachikulu cha phazi zikhale pa mzere umodzi pamwamba pa ski imene ikutsetserekayo. Mwendo wam'mbuyo umadzuka wokha.

Anatichititsa zinthu zooneka ngati za ana. Kuvula ski imodzi n'kumakankha ndi phazi lopanda ski, uku ukutsetsereka pa linalo kutali mmene ungathere. Kuthamanga timasitepe titatu tating'ono kenako kuima mwendo umodzi mpaka ski iime yokha. Kugwedeza manja ngati msilikali, dzanja lamanja kutsogolo pamene mwendo wamanzere uli kutsogolo. Musaziderere. Ndipo kunyumba, potsuka mano kapena podikira madzi a nsima kuti awire, imani mwendo umodzi bondo litapindika pang'ono, theka la mphindi uku, theka uku. Ine ndinachita zimenezi masabata atatu, ndipo kusintha kwake ndinakuona m'njira.

Maso ayang'ane patsogolo, mamita khumi kapena kuposa. Mukayang'ana mapazi, matako amabwerera m'mbuyo ndipo ma-ski amakuthawani. Amayi amene munasenzapo madzi mukudziwa kale zimenezi: wosenza sayang'ana pansi, khosi limaongoka, mawondo ndi chiuno ndizo zimamva njira. Luso lomwelo limagwira ntchito pano, kungoti thupi lonse limapendekera kutsogolo pang'ono kuyambira mu akakolo.

Ndodo, chitunda ndi chitsetso

Sabata yachiwiri anatibwezera ndodo. Poyenda mwachizolowezi, ndodo imabaya pansi pafupi ndi phazi, itapendekera m'mbuyo, ndipo mumaikankha mpaka dzanja lidutse chiuno. Ikabaya kutsogolo kwambiri imasanduka buleki. Palinso kukankha ndi ndodo zonse ziwiri nthawi imodzi, miyendo ili pamodzi, komwe amati staking. Aphunzitsi atafotokoza kuti mphamvu isachoke m'mikono koma m'mimba ndi m'kulemera kwa thupi, ndinaona mayi anga ali pa mtondo. Wosinja wodziwa sakweza musi ndi mikono yokha, amadzuka thupi lonse n'kugwera pa musiwo. Chitani chimodzimodzi: dzukani, manja kutsogolo zigongono zitapindika, gwerani pa ndodo, mimba ikoke. Tsiku limenelo ndinali m'gulu la oyamba kuzigwira, ndipo ndinasangalala kuti chinthu cha kwathu chandithandiza kuno.

Pokwera kachitunda kofatsa, fupikitsani masitepe, muzichita ngati mukuthamanga pang'onopang'ono, thupi lili chilili. Mukawerama kwambiri ski imaterereka chobwerera. Chitunda chikakula, tulukani m'tingalande, tsegulani nsonga za ma-ski kutsogolo ngati chilembo cha V, pondani ndi m'mphepete mwamkati, ndodo zili kumbuyo kwanu. Mukacheuka muona mwasiya chithunzi cha minga ya nsomba, ndipo dzina lake kuno ndi lomwelo, fiskebein. Chikakulitsitsa, kwerani cham'mbali ngati masitepe.

Kutsika ndiye kumene akuluakulu ambiri amasiyira ski, choncho musalole kuti maphunziro athe musanakuyese mokwanira. Mwana akaona chitsetso amaona masewera. Ife timaona chipatala, lendi ndi ana kumudzi odikira fizi. Mantha amenewa ndi oona, ndipo mphunzitsi wabwino sawanyoza. Koma mantha amaumitsa mawondo ndi kukokera thupi m'mbuyo, ndipo zimenezo ndizo zimagwetsa. Kaimidwe koyenera ndi aka: mawondo opindika, manja kutsogolo ngati mwagwira chiwongolero cha njinga, nsonga za ndodo kumbuyo. Ndodo musazibaye kutsogolo kuti muime, zingakulaseni pamimba.

Buleki yake ndi pulawo. Tulukani m'tingalande, kankhirani zidendene kunja, nsonga za ma-ski ziyandikane kutsogolo koma zisakhudzane, mawondo alowe mkati pang'ono kuti m'mphepete mwa ski mukande sinowo. Mukakankha kwambiri zidendene, mumaima. Mukalemetsa mwendo wamanja mumakhotera kumanzere, mukalemetsa wamanzere mumakhotera kumanja. Palinso theka la pulawo, pomwe ski imodzi imatsala m'kangalande, inayo n'kutuluka kukakanda. Yambani pa kachitsetso kakang'ono kothera pabwalo, bwerezani kakhumi, kawiri pa sabata ngati mungathe. Ndipo mukafika pa chitsetso chimene mtima wakana, vulani ma-ski, yendani m'mphepete mwa njira. Ine ndimachitabe zimenezi pakaundana, ndipo ndimaona eni dziko okalamba akuchita chimodzimodzi.

Ulemu wa m'njira

Yendani kumanja. Wotsika ndi amene amapatsidwa mpata, chifukwa sangaime msanga. Mukagwa, chokani m'njira mwachangu, makamaka kunsi kwa chitsetso, ndipo ngati mwasiya dzenje lifotsereni. Musaime pokhota kapena pakati pa njira kuti mujambule chithunzi. Mukamva wina kumbuyo akufuula kuti "løype", akupempha njira. Pamalo otakata wothamangayo ndi amene amakulambalalani, inu ingopitirirani osatekeseka. Chimene chimawapweteka mtima kwambiri anthu a kuno ndi kuponda tingalande tija ndi nsapato wamba. Wina anadzuka usiku kukakonza njirayo ndi makina, ndipo m'madera ambiri ndi wongodzipereka. Zili ngati kudutsa pa mizere ya m'munda mwa munthu atangobzala.

Maphunziro akatha

Madzulo anayi sakupangani katswiri. Amangokupatsani poyambira. Chimene chinatithandiza ife n'choti tinapangana anthu asanu kuti tizikumana Lamlungu lililonse masana. Ku Oslo mwayi ulipo, chifukwa sitima ya T-bane imakutulani pakhomo pa nkhalango, ndipo kukwera ndi ma-ski m'manja n'chinthu wamba. Nambala 5 imathera ku Sognsvann, nambala 1 imakwera mpaka ku Frognerseteren kudutsa Holmenkollen, nambala 3 imadutsa ku Skullerud m'mphepete mwa nkhalango ya Østmarka. Woyamba kumene asayambire ku Frognerseteren, poti ndi pamwamba ndipo njira zambiri zochokera kumeneko zimayamba ndi kutsika. M'nkhalango zimenezi muli njira za ski zopitirira makilomita 2000, ndipo kuyendamo n'kwaulere. Zizindikiro zofiira pamitengo ndi za njira za ski, za buluu ndi za oyenda pansi m'chilimwe. Musazisokoneze.

Musananyamuke onani nyengo pa Yr, ndipo onani pa tsamba la Skiforeningen kapena la Skisporet ngati makina adutsa posachedwa. Tsiku labwino kwa wophunzira ndi la madigiri 3 mpaka 8 pansi pa ziro, sinowo watsopano atakonzedwa. Tsiku loipa ndi lija kunasungunuka dzulo n'kuundana usiku, njira ili ngati galasi. Tsiku lotero khalani kunyumba, simunagonje. Kukazizira kupitirira madigiri 15 pansi pa ziro, fupikitsani ulendo ndipo musathamange, mpweya wotero umapweteka m'chifuwa. Njira zina zimadutsa pamwamba pa nyanja zoundana. Musadutsepo pokhapokha njirayo itakonzedwa ndi kutsegulidwa ndi oyang'anira, ngakhale muone mapazi a ena. Foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, chifukwa batire imatha msanga pozizira. Nambala ya ambulansi ndi 113. Uzani wina kumene mwapita, ndipo mukatuluka madzulo tengani tochi ya pamutu ngakhale njira ili ndi magetsi.

M'chikwama muike chijasi, magolovesi ena ouma, kanthu kokhalira, ndi fulasiki. Eni dziko amanyamula lalanje, koko wotentha ndi chokoleti cha Kvikk Lunsj. Ine ndimanyamula tiyi wa ku Thyolo wothira mkaka ndi shuga wambiri, ndi mtedza wokazinga, ndipo anzanga a Lamlungu anazolowera kutambasula dzanja.

Ulendo wathu woyamba weniweni unali wochoka ku Sognsvann kupita ku Ullevålseter, nyumba yopumulira m'nkhalango, mtunda wa makilomita pafupifupi 5, wambiri wokwera pang'onopang'ono. Tinatenga maola awiri. Ana a zaka zisanu ankatidutsa, ndi abambo okoka makanda m'tingolo totsetsereka. Chapakati panjira ndinaima kuti ndipume, ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimve chichokere ku Dedza: kuti zii. Mitengo ya paini italemedwa ndi sinowo, fungo lake lomwe lija la m'nkhalango ya Chongoni m'mawa wa July. Ndinalira pang'ono, osati chifukwa cha kutopa. Titafika tinagula mawafulo otentha, tinakhala panja titatsamira khoma dzuwa likutiwomba kumaso, ndipo mayi wina wachikulire amene sitimamudziwa anatifunsa kumene tachokera, n'kucheza nafe theka la ola.

Kalabu ikadzakupemphani kuti mubwere ku dugnad, pitani. Ndi ntchito yogwirira pamodzi popanda malipiro, ngati ya chitukuko kumudzi: kudula tchire m'njira mu October, kuphika mawafulo pa mpikisano wa ana, kuima pokhota ndi mbendera. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi anthu a m'dera langa kuposa zaka zonse zam'mbuyo. Chaka chino aphunzitsi aja anandipempha kuti ndiziwathandiza pa gulu la oyamba kumene. Ntchito yanga ndi kuyenda kumbuyo kwa onse, pafupi ndi amene watsalira, kumuonetsa kalowetsedwe ka dzanja m'lamba ndi kumudikira akamadzuka. Sabata yatha anali bambo wa ku Somalia wazaka 58, amene anabwera chifukwa mdzukulu wake anamupempha kuti adzapite naye ku tsiku la ski la kusukulu mu February. Pofika kumapeto kwa ola anatsetsereka mwendo umodzi mamita atatu, ndipo anapempha kuti tibwerezenso kamodzi magetsi asanazime.